Mawaya a M'ngolo za Malole: Mbiri ya Umisiri wa Magetsi a Galimoto pa Msewu wa ku Ntcheu

Boma la Ntcheu lili pamalo pamene katundu wambiri wa dziko la Malawi amadutsa osakhalitsa, pakuti msewu wa M1, umene umalumikiza Blantyre ndi Lilongwe, umadzera pa Manjawira, pa Chingeni ndi pa Kampepuza, n'kufika pa boma penipeni, kenaka n'kukwera mapiri motsata malire a dziko la Mozambique kuchokera cha ku Biriwiri mpaka ku Lizulu. Pamsewu wotere pamamera ntchito zimene sizilembedwa kawirikawiri m'mabuku a mbiri, ndipo imodzi mwa izo ndi ya amisiri okonza magetsi a galimoto, amene amakhala m'magalaja ang'onoang'ono a m'mphepete mwa tala kudikira lole imene magetsi ake akumbuyo azima. Masiku ano amisiriwa amapemphedwanso kumangirira kamera yoonera kumbuyo pa ngolo, imene madalaivala amaitcha thirela, ndipo dandaulo limene amalimva kawirikawiri ndi lakuti kamerayo ikuthwanima kapena ikuzima chifukwa magetsi akufika ochepa. Ngakhale kamerayo ndi yatsopano, vutolo ndi lakale ndithu, ndipo linayamba tsiku limene galimoto inatalika kuposa mmene mawaya ake anakonzedwera.

Kwa zaka zambiri za ulamuliro wa atsamunda katundu wolemera sankadalira msewu wa kumtunda. Poyamba ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ndipo njanji itafika ku Blantyre mu 1908, n'kupitirizidwa kuchoka kumeneko kudzera pa Balaka mpaka ku Salima mu 1935, inadutsa kumunsi kwa boma la Ntcheu, m'chigwa cha Bwanje, cha ku Bilila ndi ku Sharpevale. Chaka chomwecho cha 1935 mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, kotero kuti fodya, thonje ndi mtedza zinkatha kuyenda pa sitima mpaka kudoko la Beira. Ntchito ya lole inali yongotuta zokolola kuchokera kumisika n'kukazisiya pasiteshoni, ndipo malole a nthawiyo anali afupiafupi, oyenda pamsewu wa dothi, okhala ndi mawaya owerengeka amene mmisiri wa injini ankatha kuwatsata ndi maso kuchokera ku batire mpaka kumbuyo.

M'magalimoto akalewo munali kale mfundo imodzi imene yalamulira umisiri wonsewu kufikira lero. Magetsi sagwira ntchito pokhapokha atakhala ndi njira yopitira ndi njira yobwererera ku batire, ndipo pofuna kusunga mkuwa opanga magalimoto anasankha kuti waya azinyamula magetsi popita pokha, koma pobwerera azidzera m'chitsulo cha galimoto yomwe, makamaka mu chesisi, chimene ndi chimango chachitsulo chonyamula injini ndi thupi lonse. Njira yobwererayi ndi imene amisiri amaitcha ethi. Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté analipanga ku France mu 1859, linakhala mtima wa dongosololi kuyambira pamene sitata yamagetsi inaikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1912. Magalimoto ambiri oyambirira ankagwiritsa ntchito mavolti 6, ndipo m'zaka za m'ma 1950 opanga ambiri anasamukira ku mavolti 12. Magalimoto a ku Britain, monga Bedford, Leyland ndi Land Rover, amene anali ochuluka m'dziko la Nyasaland, ambiri ankalumikiza mbali ya pozitivi ya batire ku chesisi, mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene kubwera kwa mawailesi a transistor ndi olitaneta, makina otchajira batire amene analowa m'malo mwa dayinamo, kunachititsa kuti onse agwirizane zoika negetivi ku chesisi. Kusintha kumeneku kunali koyamba kuphunzitsa amisiri kuti zipangizo zatsopano sizipirira zolakwa zimene babu wamba linkapirira, pakuti babu limayaka ngakhale mawaya atatembenuzidwa, pamene wailesi imapsa nthawi yomweyo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaika mtima pa kutukula chigawo chapakati, ndipo ndi ngongole imene World Bank inavomereza mu 1968 msewu wochokera ku Zomba kupita ku Lilongwe, wodzera pa Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, unaikidwa tala n'kutha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, simenti, zitsulo ndi mafuta zinayamba kukwera mapiri a Ntcheu tsiku ndi tsiku, ndipo mabasi a United Transport Malawi ankaima pa boma usana ndi usiku. Komabe katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko anali akadali wa njanji, makamaka chifukwa njira yachiwiri, yochokera pa Nkaya kupita kudoko la Nacala, inali itatsegulidwa mu 1970.

Chimene chinasandutsa Malawi dziko la mathiraki ndi nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique. Zigawenga za Renamo zitaononga njanji, njira ya Beira ndi ya Nacala zonse zinali zitatsekeka pofika mu 1984, ndipo feteleza, mafuta, fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuyenda pamsewu, zina kudzera ku Mwanza ndi ku Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, zina kuzungulira ku Zambia, ulendo wopita kudoko la Durban wopitirira makilomita 2,000. M'zaka zomwezo anthu othawa nkhondo, amene chiwerengero chawo m'dziko lonse chinafika pa miliyoni imodzi, anadzaza midzi ya m'malire ya ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo chimanga chothandizira anthuwo nachonso chinkabwera pa malole. Ngakhale mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, katundu wambiri sanabwererenso ku njanji, ndipo thiraki yaitali, yokhala ndi hosi, ndiko kuti mutu wokoka umene uli ndi injini, pamodzi ndi ngolo imodzi kapena ziwiri, inakhazikika ngati chonyamulira chachikulu. M'mayiko angapo a m'chigawo cha SADC thiraki yotere imaloledwa kutalika mpaka mamita 22 ndi kulemera mpaka matani 56.

Kutalika kumeneku ndi kumene kunabala mmisiri wa magetsi ngati munthu wa ntchito yakeyake, wosiyana ndi makaniko wa injini. Ngolo ilibe batire, ilibe olitaneta, ndipo nyali zake zonse, za mabuleki, zokhotera ndi za m'mbali, zimadalira chingwe chopiringizika chimene chimachoka kumbuyo kwa hosi n'kukalowa m'soketi ya ngoloyo kudzera pa pulagi ya mapini 7. Pulagiyo imazulidwa ndi kulowetsedwa nthawi iliyonse ngolo ikamasulidwa, imanyowa m'dzinja, imadzaza fumbi m'chilimwe, ndipo imagwedezeka pa dzenje lililonse la pamsewu. Opanga mathiraki akuluakulu anachepetsa vutoli pogwiritsa ntchito mavolti 24, olumikiza mabatire awiri a mavolti 12 motsatizana, chifukwa babu la mawati 21 limene limakoka maampeya pafupifupi 1.75 pa mavolti 12 limangokoka theka la chiwerengerocho pa mavolti 24. Koma ngolo zing'onozing'ono zokokedwa ndi mapikiapu kapena mathirakitala, zimene zambiri zimawotcheredwa ndi amisiri a m'dziko momwemuno, zinatsalira pa mavolti 12, ndipo m'menemo ndi mmene kuchepa kwa magetsi kumaonekera msanga.

Chifukwa chake chinalongosoledwa ndi Georg Ohm wa ku Germany mu 1827. Mavolti ndi muyezo wa mphamvu imene imakankha magetsi, maampeya ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda, ndipo waya aliyense ali ndi kukaniza kwake, kumene kumayezedwa m'ma-ohm, kumene kumakula waya akatalika, akachepa thupi, kapena polumikizira pakachita dzimbiri. Mphamvu imene imatayika panjira ndi maampeya kuchulukitsa ndi ma-ohm, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti ngati palibe chimene chikukoka magetsi, palibenso chimene chikutayika. Zimafanana ndi mpope wa madzi umene paipi yake yatsekeka ndi matope pang'ono: mpopewo ukakhala wotseka, madzi amadzaza paipi yonse ndipo amaoneka ngati ali ndi mphamvu, koma akautsegula amatumpha kamodzi kenaka n'kuyamba kudontha. Mfundo imeneyi ndi imene imalekanitsa mmisiri wodziwa ndi wongoyerekeza, ndipo n'zochititsa chidwi kuti amisiri ambiri a m'mphepete mwa msewu anaigwira ndi manja asanaimve m'kalasi.

Chida chawo chachikulu kwa zaka zambiri chinali tesita, babu la galimoto lomangiriridwa ku mawaya awiri, wina wogunditsa pa chesisi ndi wina wogunditsa pamene akufuna kuyesa. Popeza babu limakoka magetsi, tesita imaonetsa zoona: ikawala kwambiri njira ndi yabwino, ikangofiira pali polumikizira pamene pakudya mphamvu. Ndi chida chimenechi amisiri anaphunzira kuti zovuta zambiri za ngolo zimachokera ku ethi. Ngolo yambiri imadalira kuti magetsi abwerera kudzera pa chitsulo cholumikizira ngolo ndi galimoto, chonsecho malowo amakhala ndi girizi, dzimbiri ndi dothi, ndipo kugundana kwa zitsulozo kumasinthasintha galimoto ikamayenda. Ethi ikafooka, magetsi amafuna njira ina yobwerera ndipo amadutsa m'mababu ena, n'chifukwa chake dalaivala akaponda buleki nyali za m'mbali zimazilala, kapena akayatsa yokhotera kumanja nyali zonse zakumbuyo zimaphethira pamodzi. Aliyense woyenda usiku pakati pa Ntcheu ndi Dedza wakhala akuona ngolo yotere patsogolo pake, ndipo chizindikirocho n'chodalirika kotero kuti mmisiri wozolowera amayamba wapala utoto ndi dzimbiri pa chesisi n'kumanga waya wa ethi ndi bawuti asanatsegule nyali iliyonse.

Luso limeneli lakhala likufala m'njira ziwiri zimene sizinakumane mokwanira. Ina ndi ya sukulu za ntchito zamanja, monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete ndi Salima, dongosolo limene kuyambira mu 1999 lakhala likuyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Ina ndi ya pagalaja, pamene mnyamata amayamba ndi kunyamula masipanala ndi kuthira madzi m'mabatire, n'kumaphunzira poona mpaka mwini galaja atamukhulupirira. Njira yachiwiriyi ndi imene yatulutsa amisiri ambiri a m'misika ya m'mbali mwa msewu, ndipo yatulutsa anthu a maso akuthwa, koma yafalitsanso zizolowezi zoipa, monga kupota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi, kapena kumanga kachingwe ka mkuwa pamalo pa fyuzi yopsa, chonsecho fyuzi inaikidwa kuti izipsa yokha waya asanagwire moto.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, malamulo a zamalonda atamasulidwa, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa ochuluka kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo popeza dziko la Japan limayendetsa kumanzere ngati Malawi, anakhazikika mosavuta. Ndi magalimoto amenewa kamera yoonera kumbuyo inafika. Kampani ya Toyota inaika kamera yotere m'galimoto ya Soarer mu 1991, ndipo patapita zaka dziko la United States linalamula kuti magalimoto onse atsopano ang'onoang'ono azikhala nayo kuyambira mu Meyi 2018. Makamera anachuluka padziko lonse ndipo mtengo wake unatsika, kotero kuti kamera yokhala ndi kagalasi koonerapo, yopangidwa ku China, inayamba kupezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe ndi ku Lilongwe pamtengo umene mwini lole imodzi angaukwanitse.

Kamangidwe kake kofala ndi kotapa magetsi pa waya wa nyali ya rivesi, imene imayaka dalaivala akalowetsa giya yobwerera m'mbuyo, kuti kamera iziyaka nthawi yomweyo. Pagalimoto yopanda ngolo zimenezi zimayenda bwino, koma pa ngolo pamabuka mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti mapulagi akale a mapini 7, wa mavolti 12 wotsata muyezo wa ISO 1724 ndi wa mavolti 24 wotsata ISO 1185, alibe pini ya rivesi, pakuti nyaliyo inapatsidwa malo pa pulagi yachiwiri yothandizira, imene ngolo zambiri zakale zilibe, ndipo mmisiri amakakamizika kukoka waya wake kapena kubwereka magetsi ku nyali za m'mbali. Lachiwiri ndi la masamu. Waya wa mkuwa wa 0.75 mm² amakaniza pafupifupi 0.023 ohm pa mita iliyonse, kotero kuti mamita 12 ochokera pa bokosi la mafyuzi kufika kumbuyo kwa ngolo amakaniza pafupifupi 0.28 ohm. Mababu awiri a rivesi a mawati 21 amakoka maampeya 3.5, ndipo pa waya ameneyu pamatayika volti imodzi popita ndi inanso pobwerera ngati ethi ikudzera pa waya wofanana. Batire limene likuonetsa mavolti 12.4 injini itazima limafikitsa pang'ono kuposa mavolti 10, ndipo pini imodzi ya dzimbiri yokaniza theka la ohm imachotsanso volti imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Babu limangozilala pa mavolti 9, koma kamera ili ndi malire amene pansi pake imaleka kugwira ntchito, ndipo chithunzi chimayamba mizeremizere, kuthwanima, kenaka kuda. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti kamerayo payokha imakoka magetsi ochepa kwambiri, kawirikawiri osafika theka la ampeya, ndipo mphamvu imene ikuisowa yadyedwa panjira chifukwa cha mababu amene ikugawana nawo waya.

Msika wa mawaya nawo wawonjezera vuto, chifukwa pali waya wotsika mtengo amene kunja amaoneka ngati mkuwa koma mkati ndi aluminiyamu wokutidwa, ndipo waya wotere amakaniza magetsi kuposa mkuwa weniweni wa kukula komweko ndi theka kapena kupitirira, amathyoka msanga akamagwedezeka, ndiponso amadyeka akanyowa. Amadziwika pomupala ndi mpeni, pakuti mkati mwake mumayera. Ngolo imene imatuta mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano, kapena kabichi ndi tomato wa ku Lizulu, imayenda m'misewu ya m'mapiri ya chinyezi ndi matope, ndipo polumikizira pamene panangopotedwa ndi kukulungidwa tepi sipatha dzinja limodzi pasanachite ndere yobiriwira ya mkuwa wodyeka.

Pamenepa mbiri ya zida inachita chinthu choyenera kuchiganizira mofatsa. Mita yoyezera magetsi ya manambala itatsika mtengo, amisiri achinyamata ambiri anaisandutsa chizindikiro cha ukatswiri n'kuyamba kupeputsa tesita ya babu. Koma mita yotere imakoka magetsi ochepa zedi, kotero kuti mmisiri akazula kamera ndi mababu n'kuyeza waya wopanda kanthu, amaona mavolti 12 athunthu ngakhale waya atatsala pa kaulusi kamodzi, ndipo amagamula kuti kamera ndiyo yafa. Mwini galimoto amagula ina, imene nayonso imathwanima. Kuyeza koyenera kumachitika zonse zili zolumikizidwa ndipo zikuyaka: galimoto itaimikidwa bwino, matayala atatsekerezedwa, injini itazima koma kiyi atatsegulidwa ndi giya ya rivesi italowa, mmisiri amayeza pa batire, kenaka pa soketi ya galimoto, kenaka kuseri kwa pulagi ya ngolo, pomaliza pa kamera, ndipo pamene chiwerengero chagwa kwambiri ndi pamene pali vuto. Mbali ya ethi imayezedwa poika waya wina wa mita pa negetivi ya batire ndi wina pa chesisi ya ngolo, ndipo chiwerengero chilichonse chopitirira theka la volti chimasonyeza kuti njira yobwerera yafooka. Mita ikagwiritsidwa ntchito motere imaposa tesita, chifukwa imatchula kukula kwa vuto, koma nzeru yoyesa waya ali pantchito inachokera kwa amisiri a babu, ndipo n'kulakwa kuitaya ngati yachikale.

Kukonza kwake n'kosavuta vuto likapezeka, ngakhale kumafuna kuleza mtima. Mapini amatsukidwa kapena pulagi imasinthidwa, ethi imapatsidwa waya wakewake wonenepa wochokera ku ngolo kupita ku galimoto, ndipo polumikizira pamawotcheredwa kapena kupanidwa ndi zopanira n'kutsekedwa kuti madzi asalowe. Njira yodalirika kwambiri ndi ya rilee, kaswichi kamene kamatsegulidwa ndi magetsi ochepa: waya wa rivesi amangouza rilee kuti itseguke, ndipo kamera imalandira magetsi pa waya wakewake wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batire, pamene kutayika kwa mphamvu sikufika ndi kotala ya volti. Rilee imathandizanso pa magalimoto atsopano amene kompyuta yawo imapereka magetsi ku nyali modukizadukiza mwachangu kwambiri, zimene diso siliona pa babu koma kamera imazisonyeza ngati mizere. Pa thiraki ya mavolti 24 kamera ya mavolti 12 imafuna chipangizo chotsitsira mphamvu, ndipo chizolowezi chotapa pa batire limodzi mwa awiriwo chiyenera kutsutsidwa poyera, chifukwa batire lotapidwalo silidzaza pamene linzake limatchajidwa mopitirira, ndipo onse awiri amatha nthawi yawo isanakwane.

Nkhaniyi ikadakhala ya chithunzi chokha sikadafunika kuilemba motalika chonchi, koma waya amene akulephera kuyatsa kamera ndi wa gulu lomwelo limene limayatsa nyali za mabuleki, ndipo pa Tsangano Turn-off, pa Kampepuza ndi pa Lizulu amalonda, ana ndi a kabaza amadzaza m'mbali mwa tala, pomwe malole amaima ndi kubwerera m'mbuyo kuti apakire. Dalaivala amene wazolowera kamera amachepetsa kudalira wothandizira wake, amene kale ankatsika n'kumamukodola ndi manja, kotero kuti kamera yozima mwadzidzidzi ingakhale yoopsa kuposa kusowa kwa kamera. Kuyendera magalimoto kopereka satifiketi ya COF kumaona ngati nyali zikuyaka pa tsiku loyenderalo, koma sikungaone pini imene idzachite dzimbiri mvula ikayamba, ndipo udindo umenewo umatsalira kwa mwini ngolo ndi mmisiri wake.

Chipata cholipirira msewu chitatsegulidwa pa Chingeni mu Novembala 2021, mathiraki amene amaima pamenepo amasonyeza mibadwo yonse ya umisiriwu pamzere umodzi. Ena ali ndi pulagi yatsopano ya mapini 15 ya ISO 12098, imene inaphatikiza mapulagi awiri akale ndipo ili ndi pini ya rivesi, pamodzi ndi chingwe china chapadera cha mabuleki a ABS, pamene ena ndi mahosi atsopano okoka ngolo za zaka makumi angapo kudzera m'zolumikizira zoonjezera, chilichonse cha izo chikudya gawo lake la mphamvu. Makamera opanda chingwe cha chithunzi, amene amatumiza chithunzicho pa mafunde a wailesi, ayambanso kugulitsidwa, ndipo ambiri amawagula poganiza kuti athana ndi mawaya. Makamerawa amachotsa chingwe chimodzi chokha, pakuti magetsi amawatapabe pa nyali za kumbuyo kwa ngolo, ndipo popeza chotumizira mafundecho chimakoka magetsi oonjezera, amazima msanga kuposa a chingwe ngati pulagi ndi ethi sizinakonzedwe.